Lipirani Kaye, Mudandaule Pambuyo: Apilo ya Msonkho wa Excise ndi Mmene Imadzutsidwira Ikatayidwa

Msonkho wa excise ndi umene boma limaika pa katundu wochepa wosankhidwa, monga mowa, ndudu, zakumwa za m'mabotolo, galimoto ndi mayunitsi a foni, ndipo umasiyana ndi msonkho wa VAT chifukwa suyenda ndi katundu m'manja mwa wogulitsa aliyense, koma umadulidwa pa gwero, kutanthauza pa fakitale pamene katunduyo wapangidwira kapena pa chipata cha dziko pamene walowera. Munthu wogula botolo la jini pa sitolo ya pa boma la Nkhotakota amapereka msonkhowu mosazindikira, popeza unalowa kale mu mtengo, pamene amene amaonana maso ndi maso ndi bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lodziwika kuti MRA, ndi wopanga katunduyo kapena womuitanitsa kuchokera kunja. N'chifukwa chake mikangano ya excise imagwira anthu owerengeka koma imakhala ya ndalama zochuluka, ndipo ikabuka, wodandaula amayamba wafunsidwa za ndalama zimene angathe kupereka mlandu wake usanamvedwe n'komwe.

M'boma la Nkhotakota nkhaniyi ili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga, imene tsopano ili m'manja mwa kampani ya Illovo, yakhala ikufinya nzimbe kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shuga akatengedwa pamatsala manyuchi, madzi akuda okhuthala aja, ndipo kuyambira m'chaka cha 1982 kampani ya Ethanol Company, imene anthu amangoti EthCo ndipo ili m'gulu la makampani a Press Corporation, yakhala ikuwiritsa ndi kutcheza manyuchiwo n'kupanga ethanol. Ethanol ameneyu ali ndi njira ziwiri zazikulu zoyendamo: wina amasakanizidwa ndi petulo n'kukathera m'mainjini a galimoto, pamene wina, woyengedwa bwino, amagulidwa ndi opanga zakumwa zaukali ndi mankhwala. Pa mndandanda wa katundu umene maiko a dziko lapansi amagwiritsa ntchito poika misonkho, ethanol wamphamvu amene sanathiridwe chilichonse ali pa nambala 2207.10, pamene amene wathiridwa mankhwala kuti asamweke ali pa nambala 2207.20. Madzi awiriwa ndi oyera mofanana ndipo angathe kuchokera m'thanki imodzi, koma pamaso pa wokhometsa msonkho ndi katundu wosiyana, ndipo aliyense wogula, wosunga kapena wosakaniza ethanol amagwira ntchito yake m'mphepete mwa kusiyana kumeneku.

Mikangano ya excise, kulikonse kumene msonkhowu umatoleredwa, imabadwira pa zinthu zooneka zazing'ono. Nthawi zina umakhala mkangano wa nambala imene katundu ayenera kugwerapo, nthawi zina wa mtengo umene msonkho uyenera kuwerengeredwapo, makamaka pamene fakitale ikugulitsa katundu kwa kampani yachibale pa mtengo wotsika, ndipo kawirikawiri umakhala wa kuchuluka kwa katunduyo. Wopanga katundu wa excise amagwira ntchito ndi laisensi, ndipo amasunga kaundula wa zimene zalowa, zimene zapangidwa ndi zimene zatuluka pa geti. Ofisala wa MRA akabwera amaviika ndodo yoyezera m'thanki, amayeza mphamvu ya mowa ndi kutentha kwake, popeza malita a ethanol amafufuma kukatentha, kenaka amayerekeza zimene wapeza ndi zolembedwa m'kaundula. Zikasiyana, mwini fakitale amati ethanol wina anauluka ndi kutentha kwa kunyanja kapena anatayika pothira m'matankala, pamene ofisala angaganize kuti malitawo anatuluka mozemba. Kalata imene imatsatira imakhala ndi msonkho wa malita osowawo, chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo nthawi zina imabwerera m'mbuyo zaka zingapo.

Gawo 171 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limaletsa boma kukhometsa msonkho uliwonse popanda lamulo, choncho munthu amene akuona kuti wauzidwa kupereka zoposa zimene lamulo likunena ali ndi poyambira kudandaula. Bungwe la MRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1998 n'kuyamba ntchito mu February 2000, limatolera excise potsatira lamulo la Customs and Excise Act, ndipo kwa zaka zambiri mikangano ya pansi pa lamuloli inkapita kwa woweruza wapadera wotchedwa Special Referee, pamene ya msonkho wa pa phindu, pansi pa lamulo la Taxation Act, inkayambira kwa mkulu wa MRA n'kukafika kwa wina wotchedwa Special Arbitrator. Maudindo awiriwa ankagwiridwa ndi mamajisitireti amene anali kale ndi milu ya milandu ina. Kusintha kwa lamulo la makhothi m'chaka cha 2016 kunabweretsa nthambi yoona za misonkho ku Khothi Lalikulu, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo awiri atsopano, la Tax Administration Act, lofotokoza kayendetsedwe ka misonkho yonse pamodzi, ndi la Revenue Appeals Tribunal Act, lokhazikitsa bwalo loima palokha lomva maapilo a misonkho. Bwalo lotere ndi la akatswiri a malamulo ndi a zowerengera ndalama, ndipo cholinga chake n'chakuti mlandu wa msonkho uzimvedwa msanga ndi anthu odziwa nkhaniyo, osakhala antchito a bungwe limene likudandaulidwalo, ngakhale kuti kuchoka pa lamulo lolembedwa kufika pa bwalo logwira ntchito kunatenga nthawi.

Pa makwerero onsewa, akale ndi atsopano omwe, pali mfundo imodzi imene akatswiri a misonkho amaitchula mwachidule kuti lipira kaye, udandaule pambuyo. Gawo 121 la Customs and Excise Act linaika mfundoyi poyera: mwini katundu amene sakugwirizana ndi msonkho umene wauzidwa angathe kuchita apilo kwa Special Referee pokhapokha atapereka ndalama zimene zikufunidwazo, kapena atapereka chikole chokhutiritsa wokhometsa msonkho, ndipo apiloyo iyenera kuchitika pasanathe miyezi itatu kuchokera pamenepo. Gawo 105 la Taxation Act nalo linanena kuti apilo siimitsa udindo wopereka msonkho, kupatula ngati mkulu wa MRA walola kuti uyambe waima. Anthu a kumudzi amadziwa chabwalo, kandalama kamene odandaula ndi odandaulidwa amaponya pamaso pa mfumu mlandu usanayambe, koma kufanana kwake kumathera pomwepo, chifukwa chabwalo n'chochepa, n'chofanana kwa onse ndipo chimapita kwa oweruza, pamene ndalama za msonkhozi zimakula molingana ndi mlandu, zimachokera mbali imodzi yokha, ndipo zimalowa m'thumba la amene wodandaulayo akukangana naye.

Zifukwa zimene boma limapereka si zopanda pake. Ndalama zoyendetsera zipatala, sukulu ndi malipiro a aphunzitsi zimafunika mwezi ndi mwezi, ndipo ngati kungolemba kalata ya apilo kukanakhala kokwanira kuimitsa msonkho, wamalonda aliyense wochenjera akanadandaula pa kalata iliyonse, n'kumagwiritsa ntchito ndalama za boma ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja kufikira mlandu utatha. Pa excise mfundoyi ili ndi mphamvu yoonjezera, popeza wopanga katundu amakhala atalandira kale msonkhowo kwa ogula kudzera mu mtengo. Palinso mantha akuti pamene mlandu ukuzengereza, kampani ingagulitse makina ake, kusamutsa ndalama n'kutseka, boma n'kudzapambana mlandu pa kampani imene yangotsala dzina lokha.

Koma mfundo yakuti wopanga analandira kale msonkho kwa ogula imagwira ntchito pamene iye ankadziwa kuti msonkhowo ulipo. Mikangano yambiri imakhala ya msonkho umene sanauike mu mtengo chifukwa ankakhulupirira kuti katundu wake ali pa nambala ina, ndipo katunduyo anagulitsidwa kalekale. Mwachitsanzo, kampani yaing'ono yopanga zakumwa imene yauzidwa kuti ili ndi ngongole ya K40 miliyoni, ikafunsidwa kupereka ndalama zonsezo isanamvedwe, iyenera kusankha pakati pa kugula zipangizo za mwezi wamawa ndi kugula mwayi wolankhula m'bwalo. Ikathamangira ku banki ikakumana ndi chiwongoladzanja chokwera, poti Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Kuonjezera apo, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero kuti munthu amene anapereka ndalama zake kumayambiriro kwa 2022 n'kudzapambana mlandu patapita zaka ziwiri, anabwezeredwa chiwerengero chomwecho cha makwacha koma chosagula ngakhale mabotolo ndi zotsekera zimene chikanagula poyamba. Malonda ambiri a kunyanja ndi a nyengo, oyenda ndi kudula nzimbe, kukolola mpunga ndi kuuma kwa usipa, ndipo kalata yofika m'miyezi ya mvula imapeza matumba ali pululu.

Apa m'pamene mfundoyi imagundana ndi malamulo oyendetsera dziko, popeza gawo 41 limapatsa munthu aliyense ufulu wofika ku khothi kapena ku bwalo lina lokhala ndi mphamvu yogamula nkhani yake, ndipo gawo 43 limafuna kuti zochita za akuluakulu a boma zikhale zotsata lamulo, zachilungamo ndi zokhala ndi zifukwa zolembedwa. Maiko ena a mu Africa akumanapo ndi funso lomweli ndipo mayankho awo ndi osiyana. Ku South Africa, khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula m'chaka cha 2000, pa mlandu wa kampani ya Metcash Trading, kuti mfundo yolipira kaye siphwanya ufulu wofika ku khothi, makamaka chifukwa chakuti mkulu wa misonkho anali ndi mphamvu yoimitsa kulipirako ndipo khothi likanatha kuunika mmene wagwiritsira ntchito mphamvuyo. Pambuyo pake lamulo lawo la m'chaka cha 2011, pa gawo 164, linandandalika zimene ziyenera kuganiziridwa munthu akapempha kuti ayambe waleka kulipira, monga mbiri yake pa nkhani ya misonkho, chikole chimene angapereke, kuopsa kwakuti angamwaze chuma chake, ndiponso ngati kulipirako kungamugwetse m'mavuto osakonzeka. Ubwino wa mndandanda wotere ndi wakuti wokanidwa amadziwa chimene wakanidwira, ndipo ali ndi pogwira akafuna kutsutsa.

Uganda anasankha njira ya chiwerengero chokhazikika, yakuti wochita apilo apereke 30 peresenti ya msonkho umene wauzidwa, ndipo khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linavomereza lamuloli m'chaka cha 2010. Patapita zaka 10, pa mlandu wa kampani yogulitsa mafuta ya Fuelex, khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linaona kuti lamuloli limapyola malire likamagwira munthu amene sakukangana za kuchuluka kwa msonkho, koma akunena kuti msonkhowo sumukhudza n'komwe. Ku Tanzania wodandaula amapereka gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkhowo, pamene ku Kenya aphungu anakana ganizo la m'chaka cha 2022 lakuti wopita ku Khothi Lalikulu kuchokera ku bwalo la misonkho aziyamba wapereka theka la ndalamazo.

Dziko limene layenda ulendo wautali kwambiri pa nkhaniyi ndi India, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuikhalira pansi chifukwa inayesa njira zonse ziwiri. Bwalo lawo la maapilo a kasitomu ndi excise linakhazikitsidwa m'chaka cha 1982 ndipo masiku ano limadziwika kuti CESTAT. Kwa zaka zoposa 30, gawo 35F la lamulo lawo la excise la m'chaka cha 1944 linkafuna kuti wochita apilo apereke msonkho wonse, koma linkalola bwalo kuchepetsa kapena kukhululukiratu ndalamazo ngati kulipira kukanabweretsa mavuto opyola muyeso. Pa pepala njirayi inali yachifundo, koma zotsatira zake zinali zakuti apilo iliyonse inkabala milandu iwiri, woyamba wa ndalama zoyenera kuperekedwa ndi wachiwiri wa nkhani yeniyeniyo, ndipo oweruza ankathera nthawi yambiri pa woyambawo. Khothi lalikulu kwambiri la India, pa mlandu wa Benara Valves wa m'chaka cha 2006, linayesa kulongosola tanthauzo la mavuto opyola muyeso ndi kufunika koteteza ndalama za boma, komabe zigamulo zinapitirira kusiyana malinga ndi woweruza amene wodandaula wamupeza. Kuyambira pa 6 August 2014 lamulo linasintha: wochita apilo yoyamba amapereka 7.5 peresenti, wa apilo yachiwiri 10 peresenti, ndalamazo sizipitirira marupi 100 miliyoni, ndipo bwalo lilibenso mphamvu yokhululuka. Akangopereka zimenezi, kutolera zotsalazo kumaima kufikira mlandu utatha. Chifundo cha woweruza chinachotsedwa, koma mtengo wolowera m'bwalo unatsika n'kudziwika kwa aliyense asanalembe n'komwe kalata yake.

Apilo imatha kufa isanamvedwe, ndipo njira zimene imafera n'zofunika kuzisiyanitsa chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ina imafa chifukwa inafika mochedwa, masiku oikidwa ndi lamulo atadutsa, ina chifukwa wodandaula kapena loya wake sanaoneke pa tsiku lomva mlandu kapena anangousiya osauyendetsa, ndipo ina chifukwa ndalama zoyambirira zija sizinaperekedwe pa nthawi yake. M'njira zonsezi bwalo silinanene kuti MRA inawerengera bwino kapena kuti wodandaula ananama, langotseka chitseko, ndipo n'chifukwa chake malamulo a maiko ambiri amalola kuti apilo yotere idzutsidwe, kutanthauza kubwezeretsedwa m'kaundula wa bwalo kuti ipitirire pamene inalekera. Apilo imene yatayidwa bwalo litamva mbali zonse n'kugamula siidzutsidwa motere, njira yake ndi yokwera ku khothi lapamwamba. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu mawuwa ndi oona, koma mlandu wa msonkho uli ndi masiku owerengeka, ndipo tsiku lililonse lodutsa apilo itatayidwa limalemeretsa ntchito ya amene akufuna kuidzutsa.

Wopempha kuti apilo idzutsidwe amalemba pempho lotsagana ndi chikalata cholumbirira, ndipo oweruza, kaya ndi a ku Lilongwe, ku Kampala kapena ku Delhi, amayang'ana zinthu zofanana. Amafuna chifukwa chomveka chimene chinalepheretsa munthuyo, chofotokoza nthawi yonse imene yadutsa osati sabata yoyamba yokha, amafuna kuona kuti anathamanga atangomva kuti apilo yatayidwa, ndipo amafuna chizindikiro chakuti mlandu wakewo uli ndi mutu, kuti bwalo lisavutike kudzutsa chinthu chimene chidzagwenso mawa. Amaganiziranso ngati mbali inayo ingavulale ndi kudzutsako, ngakhale kuti pa nkhani ya msonkho kuvulala kwa boma kumachepa pamene ndalama kapena chikole zili kale m'manja mwake. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khothi Lalikulu la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2017, ndi okhwima pa kuzengereza, ndipo amalola khothi kufafaniza mlandu umene wakhala miyezi 12 osasuntha. Kunena kuti loya anaiwala, popanda kuonetsa kuti mwini mlandu ankafunsa za mlandu wake, kawirikawiri sikukhutiritsa woweruza, ndipo apa m'pomveka, poti munthu amene K40 miliyoni yake ili pa mkangano sayembekezeka kukhala chaka chathunthu osaimbako foni.

Makhothi a ku India anafika patali pounika mphamvu ya bwalo pa nkhani imeneyi. Pa mlandu wa J.K. Synthetics wa m'chaka cha 1996, khothi lalikulu kwambiri linanena kuti bwalo lingathe kufafaniza chigamulo chimene linapereka mbali imodzi kulibe, ngati mbaliyo yaonetsa chifukwa chokwanira cha kujomba kwake. Pa mlandu wa Balaji Steel Re-Rolling Mills wa m'chaka cha 2014 linapitirira pamenepo n'kugamula kuti bwalolo lilibe mphamvu yotaya apilo chifukwa chongoti wodandaula sanabwere, koma liyenera kuwerenga zikalata zimene zilipo n'kugamula nkhani yeniyeniyo. Pa apilo yotayidwa chifukwa cha kusapereka ndalama panali kukangana kwakukulu, ena akunena kuti bwalo likataya mlandu ntchito yake yatha ndipo silingaubwererenso, koma Khothi Lalikulu la Gujarat m'zaka za m'ma 1990 linaona kuti kutaya kotere si chigamulo chomaliza, ndipo munthu akadzapeza ndalamazo mochedwa bwalo lingathe kumutsegulira. Zigamulo zimenezi sizimanga makhothi a ku Malawi, koma maloya angathe kuzitchula pofuna kukopa woweruza, popeza maiko awiriwa anatengera malamulo awo ku gwero limodzi la ku England. Maganizo a ku Gujarat ndi amene akuoneka olondola, chifukwa cholinga cha ndalama zoyambirira ndi kuteteza boma, ndipo zikaperekedwa, ngakhale mochedwa, cholingacho chakwaniritsidwa, kotero kuti kukana kumva mlanduwo kumasanduka chilango cha umphawi wa kanthawi.

Kwa wamalonda wa ku Dwangwa, ku Benga kapena pa boma la Nkhotakota, zifukwa zimene zimapha apilo nthawi zambiri zimakhala za mtunda. Maofesi a maloya odziwa za misonkho ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, likulu la MRA lili ku Msonkho House ku Blantyre, ndipo khothi la majisitireti la ku Nkhunga kapena la pa boma silimva maapilo a excise. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera pa boma, ndipo msewu wa M5 umene umatsata nyanja wakhala ukudziwika ndi maenje ndi milatho yoduka m'dzinja. Chakumapeto kwa February 2024 madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa anasamutsa anthu zikwizikwi n'kudula msewuwo, ndipo munthu amene tsiku lake la mlandu linagwera m'masabata amenewo akanakhala ndi chifukwa chimene woweruza aliyense angachimve, malinga atachilemba bwino ndi kuchipereka madzi atangophwa. Chovuta kwambiri ndi kalata imene inapita ku bokosi la positi limene kampani inasiya kulipira, kapena ku imelo ya kalaliki amene anachoka ntchito, chifukwa kalata yotumizidwa ku adiresi yolembetsedwa imatengedwa kuti yafika, ndipo udindo wosintha adiresiyo ndi wa wopereka msonkho.

Chinthu china chimene ambiri sachizindikira n'chakuti pempho lodzutsa apilo palokha siliimitsa dzanja la wotolera msonkho. Apilo ikangotayidwa, msonkho umene unali pa mkangano umasanduka ngongole yoti itoleredwe, ndipo malamulo amapatsa MRA mphamvu youza banki kapena munthu wina wosunga ndalama za wangongoleyo kuti azipereke kwa iyo, yolanda katundu, ndi yoika chiletso pa katundu amene ali m'nyumba zosungiramo. Choncho loya wosamala amapereka mapempho awiri nthawi imodzi, lodzutsa apilo ndi loimitsa kutolera. Ena amayesa kudumpha makwerero onsewa pothamangira ku Khothi Lalikulu kukapempha kuti liunike zochita za MRA, koma makhothi a ku Malawi akhala akubweza anthu otere ndi mawu akuti ayambe atsata njira imene lamulo la misonkho linaika, pokhapokha ngati dandaulo lawo likukhudza kuphwanyidwa kwa ndondomeko, monga kulangidwa osapatsidwa mwayi wolankhula.

Nkhaniyi ikukula chifukwa ukonde wa excise ukufika kwa anthu amene kale sunkawagwira. Kuyambira m'chaka cha 2024 MRA inayamba kufuna zitampa za msonkho zotchedwa Kalondola pa katundu monga ndudu, mowa ndi zakumwa zina za m'mabotolo, kuti katundu wolowa mozemba ndi wachinyengo azidziwika pa shelefu. Kampani yaikulu ili ndi akatswiri ake a misonkho ndipo banki yake ingathe kuilembera kalata ya chikole tsiku limodzi, pamene wopanga zakumwa wa makina awiri ndi antchito khumi alibe zonsezi, ndipo kwa iye kusiyana kwa kupereka msonkho wonse ndi kupereka gawo laling'ono ndiko kusiyana kwa kuchita apilo ndi kungogonja. Zimene maiko ena adutsamo zikuonetsa kuti lamulo labwino pa nkhaniyi limaika chiwerengero chochepa chodziwikiratu, limalola chikole m'malo mwa ndalama zenizeni monga mmene gawo 121 linalolera kuyambira kale, limakakamiza wokana pempho kulemba zifukwa zake, ndipo limanena momveka masiku amene apilo yotayidwa ingadzutsidwire. Mphamvu yokhululuka ikakhala m'manja mwa mkulu wa bungwe lotolera msonkho yekha, amene ntchito yake imayezedwa ndi ndalama zimene watolera pa chaka, pamafunika bwalo loima palokha limene lingaunike kukana kwake mwamsanga, chifukwa kuunika kobwera fakitale itatseka kale sikuthandiza aliyense, ngakhale boma lomwe, limene limataya msonkho wa zaka zakutsogolo.

Mbali yomaliza ya ulendowu ndi ya munthu amene wapambana. Ndalama zimene anapereka poyamba ziyenera kubwerera kwa iye, ndipo liwiro la kubwezako ndi chiwongoladzanja chimene chimatsagana nako ndi zimene zimaonetsa ngati ndalamazo zinalidi zongosungitsa. India, posintha lamulo lake mu 2014, anakonzanso gawo 35FF kuti wopambana apilo azilandira chiwongoladzanja kuyambira tsiku limene anapereka ndalamazo kufikira tsiku lobwezeredwa, ndipo boma linaika chiwongoladzanjacho pa 6 peresenti pa chaka. Chiwerengero chotere chingakhale ndi tanthauzo m'dziko limene mitengo ya zinthu imakwera pang'onopang'ono, koma ku Malawi, kumene kukwera kwa mitengo kunapitirira 20 peresenti pa chaka kuyambira pakati pa 2022, chiwongoladzanja cha ndalama zobwezedwa chiyenera kuyendera limodzi ndi chimene MRA imalipiritsa munthu wochedwa kupereka msonkho, kuti kuzengereza kwa mlandu kuziluma mbali zonse ziwiri mofanana.